Sofa ya a Munir

Kuno ku Damanhour aliyense ankadziwa kuti a Munir, aphunzitsi a sayansi opuma pantchito, sankapereka moni kwa munthu asanapereke moni kwa mpando. Akalowa m'nyumba mwanu ankayamba adina sofa ndi chala, khutu lili tcheru ngati dokotala, kenako n'kutembenuka: "Mtendere ukhale nanu."

M'thumba la jekete yawo simunkasowa rula ndi sipuling'i, kawaya kopotana kaja ka m'mipando. Tsiku lina pamsika anakoleka vwende la a Sabri, wogulitsa zipatso wonenepa uja, ku sipuling'iyo n'kuyamba kuyeza mmene yatalikira.

"Aphunzitsi, mugula kapena mukulisokera malaya?"

"Takhala chete, Sabri. Mphamvu yokoka tikaigawa ndi utali umene wawonjezekawu, tipeza kulimba kwa sipuling'i. Mavwende awiri, iwonjezera kawiri."

"Ndiye gulani awiriwo!"

Sanagule n'limodzi lomwe.

Ife okonda nkhani za eni tinkawatsata ngati ntchentche, chifukwa sofa sinkawabisira kanthu. Kwa mayi Ihsan, amene amuna awo anamwalira kalekale, anangodina kamodzi n'kunena mokweza, "Mbali inoyi pamakhala munthu wa thupi ngati la Sabri, ndipotu si kamodzi ayi." Mayiwo anatsamwa ndi tiyi. Ukwati wa mayiwo ndi a Sabri tinauvina mwezi wotsatira.

Lamulo lawo linali limodzi: "Sipuling'i ukaikoka mwaulemu imabwerera. Ukapyola malire, basi, sibwereranso. Itayeni!" Anatayitsa mipando yambiri moti mwini nyumba ya tiyi ankabisa yake akangowaona patali.

Kenako akazi awo, mayi Nawal, anatisiya. Sofa ya kunyumba kwawo inatsala ndi dzenje kumanzere, pamene mayiwo ankakhala akusankha mpunga. Mwana wawo Hoda anabwera kuchokera ku Alexandria ndi sofa yatsopano, amuna awiri ali wefuwefu nayo pamasitepe.

"Ababa, yakaleyi yatha. Si inu nomwe mumati yopyola malire itayidwe?"

A Munir anagonera sofa yakaleyo chafufumimba, manja atakumbatira mitsamiro. "Muinyamule ndi ine pamodzi."

"Masipuling'i ake anafa, ababa!"

"Sanafe, mwanangu. Akukumbukira. Yatsopanoyo ikuwadziwa amayi ako?"

Hoda anayang'ana dzenje lija nthawi yaitali. Sofa yatsopano inatsika masitepe omwewo, onyamula akung'ung'udza za misana yawo.

A Munir anamwalira m'nyengo yozizira yapitayi. Masiku ano timangokhala pamipando mosafunsa, mavwende a Sabri akugulidwa osayezedwa ndi rula, ndipo nkhani za m'nyumba za anthu tikuzimva mochedwa kwambiri.

Tsiku lopepesa maliro nyumba inadzaza, ena anakhala pansi, ena anaimirira, koma pasofa paja panalibe amene anakhalapo. Panali maenje awiri tsopano, opendekerana. Potuluka ndinadina ndi chala dzenje la kumanja, la a Munir, monga ankachitira eni ake.

Silinabwerere. Hoda anandiona, n'kunena chapansipansi, "Isiyeni sofayi, amalume. Sikupita kulikonse."