Mpweya wa Munthu Wamba M'tayala la Boma

M'dziko lina laling'ono, lomwe dzina lake sitilitchula poopa milandu, munali ndege imodzi yokha basi. Lamulo linkati ndegeyo ndi ya mtundu wonse, ndiye poti inali ya aliyense, inakhala pabwalo miyezi khumi ndi umodzi tayala limodzi litaphwa, osapezeka wolipopa.

Amene ankasowa nazo tulo ndi mayi Nachisale Kumwembe, woulutsa ndegeyo. Chiphaso chawo chinali ndi lamulo lakelake: chaka chikatha osauluka, chimafa. Zaka zisanu ndi ziwiri za sukulu zinali pafupi kupita m'madzi.

Nyumba ya Malamulo inamva chisoni, niikonza kampani ya ndegeyo. Poti mutu umodzi susenza denga, anaigawa patatu: Bungwe la Mapiko, Bungwe la Matayala ndi Bungwe la Mipando, lililonse ndi wapampando wake, galimoto yake, chidindo chakenso.

"Bwana, ndikungopempha mpweya wokha," anadandaula mayiwo kwa Wapampando Wolemekezeka wa Matayala.

"Mayi, tayalalo ndi lathudi, koma mpweya ndi nkhani ya mumlengalenga. Kaonaneni ndi a Mapiko. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

A Mapiko anali kunja, kukaphunzira kayendetsedwe ka ndege, atakwera ndege ya dziko loyandikana nalo. A Mipando anati kwawo kulibe vuto, mayiwo akafuna akhoza kukhalapo.

Atatsala masiku atatu kuti chiphaso chife, mayi Kumwembe mtima unawapsa. Anabwereka pampu kwa womata matayala wa pamsewu, napopa okha mpaka thukuta kamukamu. Tayala linadzuka bwinobwino.

Abale inu, mlandu wake! Loya wamkulu wa boma anafika ali wefuwefu.

"Mwalowetsa mpweya wa munthu wamba m'katundu wa boma. Kumeneku n'kugulitsa kampani mwamseri, Nyumba ya Malamulo isanavomereze!"

Tayalalo analiphwetsanso pamaso pa mboni zinayi, mtundu n'kupulumuka. Chaka chinakwana, chiphaso chinafa, ndipo mayi Kumwembe analira ngati pamaliro.

M'mawa mwake Nduna ya za Maulendo inawaitana, ikumwetulira.

"Pukutani misozi, mayi. Kuyambira lero ndinu Mkulu wa Akuluakulu wa mabungwe onse atatu."

"Ine, bwana? Ndege sindingaiulutsenso!"

"Eya, n'chifukwa chake. Lamulo latsopano likufuna munthu amene sangachotse chuma cha mtundu pamalo pake. Tinkangodikira chiphaso chanucho kuti chife."