Tsiku Limene Wodwala Anandigwirira Chitini

Nkhaniyi ana anga sindinawauzepo. Iwo amadziwa zoti mayi awo anali olimba mtima nthawi ya nkhondo. Kulimba mtima kwake kuti!

Ndinali nditangoyamba kumene unamwino pa posito ina, kachipatala kakang'ono, kufupi ndi Ntengo-Wambalame. M'mawa wina kunafika a Nabanda, mayi a ku Makanga, atayenda masiku awiri m'tchire. Chiberekereni mwana, njira yoberekera inkawavuta. A Dona Roza, anamwino aakulu, anati ndiwatsuke m'kati ndi madzi a peremanganato, ndipo anandigwedezera kabotolo pamphuno. Munatsala timibulu towerengeka.

"Totsiriza iti, menina, mtsikana iwe. Magalimoto a asilikali sanabweretse mankhwala chiyambire dzinja. Ukataya, mayiwa abwerera ndi matenda awo."

Ndinadzilimbitsa. Madzi ndinawiritsa, ndinawadikira kuti apoleko, ndinawayesa pamkono. Nditasungunuliramo timibulu tija anafiirira ngati duwa la mbatata. Ndinathira m'chitini chotsukira chokhala ndi kapaipi kunsi, mpweya ndinautulutsa m'kapaipimo. Chitsulo chokolekapo chitini chinali chitapita ndi anthu amfuti, ndiye ndinachinyamula pamanja, pamwamba pang'ono pa chiuno chawo, kuti madzi azitsika mwaulemu.

A Nabanda ankanjenjemera. Ndinawafunditsa chitenje m'mawondo n'kunena (pakamwa panga, inu!), "Musaope amayi. Kaya kugwe chiyani, ine sindichoka pano."

Madzi atangoyamba kuyenda, kunja kunamveka phuu!

Zimene miyendo yanga inachita sinandifunse. Ndinangozindikira ndili kunsi kwa bedi, mphuno pasimenti, ndikuitana Maria Woyera ndi azilongo anga onse. Kenaka ndinayang'ana manja anga. Opanda kanthu! Mayo ine, chitini! Ndinatseka maso, kudikira kuti madzi ofiirira aja ayambe kundidonthera pamsana. Mantha a zipolopolo anachepa, anakula oopa a Dona Roza.

Sikunadonthe kanthu. M'malo mwake ndinamva mawu pamwamba panga, odekha bwino.

"Anamwino, mukatha nkhondo yanu kunsiko mutuluke. Mkono walema."

Ndinasuzumira. A Nabanda ali chagada, dzanja lina lakweza chitini, lina latsina kapaipi monga anandionera ndikuchitira. Kaya ndinawaponyera, kaya anachita kuwakha, sindidziwa mpaka lero. Ngakhale dontho silinatayike.

Pomwepo a Dona Roza analowa. "Kalima, kalima, mitima pansi, ndi tayala la ngolo ya mbatata laphulika." Anaona wodwala, anaona ine ndili chokwawa, kangaude kumutu. "Kodi namwino ndi uti pano?"

"Asiyeni," anatero a Nabanda. "Anati sachoka, ndipo sanachokedi. Anali pansipa."

Ndinamaliza ntchitoyo nkhope ili pansi. Mayi aja anachira, ndipo potsanzika anandifunsa ngati kunsi kwa bedi kwasesedwa, poti ndimakonda kukhalako.

Madzulo ake ndinakhoma msomali pakhoma. Chitini sindinachigwirenso pamanja. Ine ndinadziona ndekha mmene ndilili, koma msomali uja nkhondo yonse sunathawepo.