Chitseko cha Daladala ya Apongozi

Lolemba

Chitseko cha daladala, minibasi ya apongozi aamuna, chafa. Chija chotseguka ndi mpweya, chija amanyadira nacho pa siteji ya Mwenge, kuno ku Dar. Loweruka basiyo itenga abale kupita ku sendofu ya mlamu wanga. Dereva akuti vuto ndi valavu.

Ine pakamwa panga: "Kanthu kakang'ono ako, ababa."

Ndanena ndine! Kufakitale ku Chang'ombe ndimasenza makatoni. Koma chikwatire, kuchipongozi amadziwa kuti "ndili ku makina." Apongozi andigwira dzanja koyamba m'zaka zisanu. Ndabwerera pa bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu, ngati bwana.

Lachiwiri

Nthawi ya chai ndikufunsa a Saidi, fundi weniweni wokonza makina kuntchito, kwawo ku Mangochi, ngati ndikungocheza. Akuti magetsi akalowa mu koyilo imasanduka maginito, imakoka kachitsulo mkati, mpweya n'kusintha njira. Basi. Zophweka!

Akuti choyamba ona:
mabowo ndi angati
koyilo ndi ya mavoti angati
china chachitatu, ndinali kutafuna mandazi

"Bwera nayo yakaleyo ndiione." Ayi. Angandifunse kuti ukuifuniranji.

Kumsika wa Kariakoo wogulitsa akufunsa za mabowo m'Chiswahili: "Matundu mangapi?" Ndikuyankha atatu, molimba mtima. Yakale ija ndaisiya pansi pa mpando wa dereva.

Lachitatu

Mapaipi opita kuchitseko ndi awiri, lotsegulira ndi lotsekera. Valavu yanga potulukira mpweya ndi pamodzi pokha. Ndalumikiza limodzi, linalo likungolendewera.

Chitseko chikutseguka bwinobwino. Kutseka, toto.

Dereva: "Fundi, okwera tiwamange ndi chingwe?"

Yakale ndaiwerenga tsopano. Mabowo asanu. Manyazi ake!

Lachinayi

Ya mabowo asanu ndapeza. Ndamanga, ndadina batani. Zii. Ndadinanso. Zii.

Pa koyilo palembedwa 220. Magetsi a m'nyumba! Basi ya apongozi ndiikokere waya kuchokera kusitingirumu mpaka Mwenge?

Apongozi aima poteropo, manja kumbuyo. "Zikuyenda, bambo a Tadala?"

"Tikuyesa kaye mpweya, ababa." Thukuta mpaka m'masokosi.

Lachisanu

Wogulitsa sakundipatsanso moni, akungoseka. Galimoto ndi batire, batire ndi 12, nzeru zanga zatero. Koyilo ya 12.

Psss, tsegu! Psss, tseke! CHIKUGWIRA! Ndatsegula kakhumi. Apongozi aitana aneba kudzaona.

Kukumveka kafungo ngati pulasitiki yapsa. Mwina akuotcha zinyalala kuseri.

Loweruka

Ambuye ndikhululukireni.

M'mawa ndili m'basi ndekha, ndikupukuta valavu yanga. Akulowa apongozi aakazi ndi beseni la mphatso. Ine ndi iwo sitinakhalepo chipinda chimodzi. Kwathu mkamwini akaona apongozi aakazi amapatuka njira, ndipo iwo mwambowu anabwera nawo ku Dar wathunthu. Pothawa ndagunda batani ndi chigongono.

Psss, tseke. Kenako kautsi.

Basi ili ndi mabatire awiri. 24. Koyilo yapsa, mpweya wakanikiza chitseko nganganga.

Iwo mpando wakutsogolo, nkhope kuwindo. Ine mpando wakumbuyo, nkhope kuwindo linalo. Dzuwa la Dar likuphika denga. Ndikumva akudzikupiza ndi kanga, kachitenje kawo. Kunja abale avala sare zawo, zovala zofanana za ku sendofu, akutisuzumira.

Dereva, atabwera kuchokera kokamwa supu, akukuwa pawindo: "Pa valavupo pali kabatani kodina ndi dzanja! Fundi sakudziwa?"

Fundi sakudziwa. Ndiponso kuti ndifike pamenepo ndiyenera kuwakhudza maondo.

Apongozi aakazi adzuka, azula pini kumutu, adina. Psss. Atsika osayang'ana m'mbuyo. Akuuza mkazi wanga, ine ndikumva: "Uwauze amunako atsike, apsa."

Ku sendofu tapita chitseko chili pululu, ine nditaima pakhomo ngati kondakitala. Pilawu sindinadye.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Ndameza manyazi, ndawaimbira a Saidi; abwera ndi koyilo ya 24, mphindi khumi ntchito yatha. Akuti valavu yakale inali bwino, inangofa koyilo yokha.

Masana ndamukhazika pansi mayi a Tadala. Ndamuuza zonse, kuti makina ndimangowadutsa, kuti ntchito yanga ndi makatoni.

Sanasiye n'komwe kusankha mpunga.

"Zaka zisanu ndikuchapa malaya anu, girisi sindinamuonepo. Ababa akudziwa, amama akudziwa. Timangodikira kuti mutope."

Haya. Ndatopa. Mawa kontena ikufika 7 koloko.