Pansi pa boti la eni

Mpaka lero a Kamanga akandiona amavula chipewa. Mlendo angayese ndi ulemu, koma pa doko pathu aliyense amadziwa kuti akundiseka. Ine ndinasiya kukwiya, mphamvu zake ndilibe.

Ntchito yanga ndi yomira pansi pa boti. Kwathu ndi ku Ntcheu, komwe madzi akuya kwambiri ndi a m'chitsime. Ndinabwera kunyanja kuno kudzatsuka mbale pa loji ina ku Kande, ndipo kumeneko ndinaphunzira kumira ndi silinda ya mpweya kumsana. Lojiyo itatsekedwa ananditenga a Longwe, eni boti lonyamula anthu ndi katundu kuchoka ku Usisya kupita ku boma. Anandipatsanso kanyumba kuseri kwa sitolo yawo, momwe ndimakhala ndi mkazi wanga ndi ana. Ntchito itati ithe, denganso latha.

Boti lawo si la injini yakumbuyo ija mumangoikweza n'kuchotsa zinyalala ndi dzanja. Injini ili m'kati, pulopela ili pansi, ndipo ukonde ukakulunga pulopelayo pamafunika munthu wotsikira komweko ndi mpeni.

Inu amene mumaona nyanja pa zithunzi, musandichitire nsanje. Pa doko pathu pamathira kamtsinje, ndipo dzinja likafika kamabweretsa chilichonse chomwe mudzi watopa nacho: majumbo, mapampasi, matumbo a nsomba, madzi oviikamo chinangwa, nthawi zina ngakhale galu amene anatsanzika kalekale. Pamwamba pake pamayandama dizilo. Ukamira suona ngakhale dzanja lako, umangopapasa. Makutu anga sachira, khungu linatuwa ngati la ng'azi, ndipo mkazi wanga sandilola kulowa m'nyumba ndisanasambe kawiri.

Tsiku lina madzi osefukira anakokolola ukonde wakale wa munthu wina n'kuukulunga pa mapulopela a maboti awiri: lathu ndi la a Kamanga, lomwe limaima pafupi ndi lathu. Akuluakulu awiriwa amalimbirana anthu omwewo, ndipo moni amapatsana pa maliro pokha. Pamchenga anthu anali atadzaza ndi matumba a usipa ndi ufa wa kondowole. Boti loyamba kulira injini ndilo likanawatenga onse.

A Kamanga anandipeza ndikuvala.

"Ada, mukamaliza uko mutiganizireko nafenso."

Ndinayankha mokweza kuti a Longwe amve bwinobwino. "Ine bwana wanga ndi mmodzi. Lanulo kamireni nokha."

(Mawu amenewa ndikanawameza, mwina anthu akanaiwala msanga.)

Masiku onse ndimatsikira pa boti penipeni, nditagwira chingwe chomangidwa kumbuyo kwake. Koma tsikulo khutu limandiwawa, ndipo thupi lonse limakana. Ndinakwera m'boti lathu, n'kukhoma chimbudzi monga mwa chizolowezi, chifukwa paipi yake imatulukira pafupi ndi pomwe ndimagwira ntchito. Kiyi ndinamukoloweka m'khosi. Kenako ndinabwerera kumtunda kukatenga silinda, ndipo nditaibereka ndinaona kuti kukweranso nayo m'boti ndi chilango. Ndinangolowa m'madzi kuchokera pamiyala, ndikudziuza kuti boti lathu ndingalipeze ngakhale nditatsinzina. Sindinaganize kuti mphepo yatembenuka, ndipo maboti asuntha pa zingwe zawo.

Ndinapapasa mumdimamo mpaka mutu unagunda chitsulo. Ndinatsata mimba ya boti, n'kupeza pulopela itamangika ngati mtolo wa nkhuni. Ndinayamba kudula.

Choyamba kundidabwitsa chinali chakuti tsamba limodzi la pulopela yathu ndi lopindika, koma apa onse anali owongoka. Munthu wanzeru akanatuluka kukayang'ana. Ine ndinati, koma a Longwe, mpaka akonzetsa osandiuza!

Ndili mkati modula ndinamva pamwamba panga kuti khululu. Zomwe zinatsika sindizitchula, ena mukuwerenga mukudya. Zinandipeza pa khosi, zofunda. Ndinagwira kiyi uja, anali pomwepo. Apanso mutu wanga unapeza yankho lake: ndiye kuti mayi a kunyumba kwa a Longwe ali ndi kiyi wina. Ndinatukwana m'kati mwa paipi ya mpweya (mathovu okha ndiwo anamva), n'kupitiriza ntchito mwaukali. Sindinayeretsepo pulopela bwino chotero. Ndinachotsa ngakhale timawaya ndi tizingwe takale tomwe palibe anandituma.

Mpweya utatsala pang'ono ndinatulukira pamwamba, n'kupukuta dizilo pa magalasi. Nkhope yomwe inandisuzumira inali ya a Kamanga. Anali ataona kale zidutswa za ukonde zikuyandama kumbuyo kwa boti lawo, n'kuuza anthu awo onse kuti akhale chete.

"Tawonga ukongwa, ada!" anandithokoza m'chinenero chakwawo, chipewa chili m'manja. "Tasunthani pang'ono tilize injini."

Ndinasuntha. Ndikanatani? Anthu a pamchenga paja anathamangira m'boti la a Kamanga ndi matumba awo, ena akundiwombera m'manja. Mayi wina anandikuwira kuti pepani za kuchimbudzi zija, sanadziwe kuti pansi pali munthu. Boti linanyamuka mosalala kuposa kale lonse.

A Longwe anali chilili pa boti lawo lopanda munthu. Sanakalipe. Anangoloza pansi ndi chala.

Silinda inali itatha, ndipo kodzazitsa n'kutali. Pulopela yathu ndinaiyeretsa ndi mpweya wa m'chifuwa mwanga: kumira, kudula pang'ono, kutuluka, kulavula, kumiranso. Madzi aja ndinamwako ndithu. Pomwe ndimamaliza, pa doko panalibe woti n'kumunyamula, kupatula mbuzi yomwe mwini wake anaiiwala.

A Longwe ndinawapeza atakhala pa thumba la mchere. Ndinagwada chapatali, chifukwa fungo langa linali litafika kale.

"Bwana, ndalakwa. Mungondipatsako masiku oti ndipeze kosiya ana, kanyumba kaja ndituluka."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana madzi aja.

"Ndikuchotseni, ada? Ndiye ndikamupeza kuti munthu wina wovomera kulowa m'zimenezi? Mawa mulawire."

Ndinathokoza ndi manja awiri. Mkazi wanga atamva anakhala pansi n'kupuma, chifukwa mbiri inali itamupeza kale ndipo anali atayamba kumanga ziwiya mu chitenje. Anandiwiritsira madzi, n'kunditulutsira sopo watsopano.

Masiku ano sinditsika popanda chingwe, phunziro limenelo ndinaligwira. Koma pali china chomwe kunyumba sindinanene. Nthawi yomwe ndinagwada ija, mtima wanga unali utakwera kale basi ya ku Ntcheu, kukalima mbatata pamtunda pouma, pomwe munthu amaona chimene akugwira. Ndiye ndili kubafa, sopo ali kumutu, ndinalira ngati mwana. Mkazi wanga anayesa ndi misozi yothokoza. Ine ndimalira kuti sanandichotse.