Tsiku Limene Ndinawotcha Bafa la Apongozi

Ukwati wanga unatsala pang'ono kupsa m'chaka chake choyamba, ndipo machesi anali anga.

Munali m'zaka za Chitaganya, ndili mkamwini watsopano m'mudzi wina kufupi ndi Sinda. Mvula itangosiya, apongozi aamuna anandituma kukawotcha udzu kuzungulira nkhokwe, kuti moto wolusa ukadzabwera usadzapeze chodya. Udzuwo unali wauwisi. Unkangolira kuti tsiii, n'kutulutsa thovu ndi utsi. Ndinabwerako maso ali psuu, koma nditatola nzeru: chobiriwira sichipsa.

Nzeruyo ndinaisunga mpaka Okutobala (dzuwa lija loti nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa). Ndinafuna kutentha kathengo kuseri kwa nyumba kuti ndikumbe mbewa. Pakati pa kathengoko ndi bafa la udzu panali zitsamba zobiriwira bwino.

"Zitsambazo mwaziona?" anafunsa mkazi wanga Tisauke.

"N'zaziwisi izo. Moto ukafika pamenepo ugwada."

Anathothola tsamba, kulifinya, n'kundionetsa chala. Chouma gwa.

"Watsala mtundu wokha, madzi anatha kale. Nthaka youma chonchi, zimwa chiyani?"

Ndinaseka (amunafe timaseka tikasowa yankho), n'kuyatsa.

Moto sunagwade. Masamba aja anangopindika, kenako lawi linati buu, kulumphira pabafa. Ndipo mkatimo munamveka mawu: "Mayo ine! Ndani ameneyo?"

Apongozi aakazi! Anthu oti tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire, anali kusamba.

Ndithamangire komweko? Mwambo ukukana. Ndithawe? Nkhokwe zili pafupi. Ndinathyola nthambi ya mango n'kuyandikira chafutambuyo, ndikumenya moto osayang'ana, uku ndikufuula: "Pepani amayi, sindikuona kanthu!"

"Onani, bambo inu, mukumenya ine!"

Anatuluka atadzikulunga nsalu yonyowa, nakhuthula madzi osamba onse pamoto ndi pa ine ndemwe. Anthu anathamangira ndi nthambi ndi mitsuko. Nkhokwe zinapulumuka, bafa linatsala mitengo yakuda.

Madzulo ndinakhala kuseri, ndikudikira kuti andipatse mphasa yanga ndizipita kwathu. Anabwera Tisauke ndi mbale ya mtedza wokazinga, akudziluma milomo kuti asaseke.

"Amayi akuti mudye. Akutinso bafa latsopano likhale lalikulu, ndipo kutali ndi mbewa zanu."

Ndinamanga, lalikuludi. Masiku ano ndimayamba ndafinya tsamba ndisanayatse moto. Koma zomvera mkazi wanga akangonena koyamba, zimenezo ndikuphunzirabe.