Kukonzetsa Pikapu pa Kilo

Lolemba

Pikapu yakana kulira. Lero akwana masiku atatu. Ndikapotokola kiyi ingoti kwe kwe kwe, kenako zii.

Chondiwawa kwenikweni ndi pakamwa panga. Sabata yatha, pamsonkhano wa banja, ndinaimirira ine mkamwini n'kulengeza kuti chaka chino palibe wolipira ngolo. Feteleza wa makuponi ndikatenga ndine, pa pikapu, ulendo umodzi. Ndinatolera makuponi onse: a apongozi, a akazi anga Nabanda, ndi a azilamu aakazi awiri. Alipo asanu ndi atatu, ali mu envulopu m'thumba la jekete pamodzi ndi ndalama zowombolera. Alamu anga a Lufeyo, eni ngolo, anangoti "Zikomo," n'kumayang'ana ng'ombe zawo.

Feteleza akufika Loweruka kudepoti. Aliyense kuno ku Chulu akudziwa kuti akafika m'mawa, masana amakhala watha.

Amuna anayi andikankha mpaka pagalaja ya a Jafali, pansi pa mtengo wa mango pamsika. A Jafali atsegula boneti, amvetsera, anunkhiza, kenako atulutsa kanthu konga bokosi la machesi.

"Kapsa ndi aka. Fifitini sauzande, kuika ndi ine ndemwe."

Fifitini sauzande! Kanthu koti nkhuku ikhoza kuthawa nako! Ndalamayo ndili nayo, ndipo imatsalako pang'ono, koma si ine wobedwa masana dzuwa likuswa mtengo. Zaka khumi ndi chimodzi ndikuyeza fodya pakalabu yathu. Ndikudziwa chinthu chimodzi: mtengo wachilungamo umachokera pasikelo.

Mawa ndikubwera nayo.

Lachiwiri

Sikelo ili panjinga. Ndaikoloweka panthambi ya mango, anthu ayamba kusonkhana.

Ndaika kabokosi kaja m'thumba la sikelo. Muvi sunasunthe. Ndagogoda. Sunasunthebe. Ndaika njerwa, ndawerenga, ndawonjezera kabokosi, ndawerenganso, ndachotsera. Magalamu handiredi, ndipo ndachita kuwakomera mtima a Jafali.

Ndiye kuti kilo imodzi ya tinthu timeneti ndi K150,000. Ndalengeza mokweza kuti ogulitsa tomato amve. Zinthu zimene sizifika mtengo umenewu pa kilo:

shuga
nyama ya ng'ombe
fodya wanga wa giledi yapamwamba, ngakhale chaka chabwino
ine amene

Anthu aseka. A Jafali sanaseke. Apukuta manja pang'onopang'ono n'kufunsa kuti, "Ndiye bwana mukufuna tizigwira pa kilo?"

Ndayankha kuti inde. Takambirana mpaka tagwirizana K250 pa kilo, chitsulo ndi ntchito yomwe. Talemba pakatoni ya sopo. Chilichonse chowonongeka chimene a Jafali apeze achisinthe, ine ndiyeze ndekha, ndilipire. Kuti zioneke kuti ndimadziwa dongosolo, ndawonjezera ndi dzanja langa kuti tiyambe cholemera, timalizire chopepuka, monga timachitira ndi mabelo pakalabu. Mboni ziwiri zasaina: Che Amidu a golosale ndi mkulu wa mpingo wathu amene amadutsa kukagula mchere.

Kabokosi katsika kuchoka pa K15,000 kufika pa K25.

Pobwerera ndapalasa njinga ndikuimba. Ndafotokozera Nabanda zonse, masamu omwe. Wamvetsera akusenda mtedza, kenako wafunsa kuti, "Ikulira?"

Mkazi uyu ndi wabwino, koma masamu sawamva.

Lachitatu

Ndapeza pikapu ili panjerwa, matayala akumbuyo ali poteropo. A Jafali ali ndi chimwemwe ngati kwawo kwabadwa mwana wamwamuna.

Akuti apeza masipuling'i akumbuyo atatopa. Andionetsa, ndipo n'zoona, atopadi. Ena ali kale pafupi, akuchita kudikira sikelo. Ndayeza ndekha: makilo fote. Ndayezanso. Fote. Sikelo yanga sinama, ngakhale ikunena za mwini wake.

K10,000.

Poyamba ndinaona ngati ndaberedwa. Kenako ndaganiza bwino. Lolemba munthu yemweyu amafuna K15,000 pa magalamu handiredi. Lero wandipatsa makilo fote a chitsulo chenicheni pa mtengo wochepera pamenepo. Ndani waluza apa?

Masipuling'i akale ndawakweza kumbuyo kwa pikapu. Ndi anga, si oti atsale pagalaja.

Ndafunsa za kabokosi. A Jafali aloza katoni ya sopo, yomwe tsopano aikhomera pamtengo. "Munalemba nokha, bwana. Zopepuka n'zakumapeto."

N'zoona, ndinalemba ndekha, ndiponso ndi zilembo zokongola.

Ndadutsa pakhomo pa apongozi. Munda wawo anagalauza kale, mizere ndi yokonzeka, ikungodikira mvula ndi feteleza. Chimanga cha chaka chatha chinawathera mu Okutobala chifukwa anapeza thumba limodzi lokha. Andilonjera ali chapatali, monga mwa ulemu wake, n'kuti, "Tikudalira inu, bambo." Ndayankha kuti asadere nkhawa, galimoto ikulimba tsiku ndi tsiku.

Nabanda: "Ikulira?"

Lachinayi

Mbiri yafala kuti pamsika pali galaja yofuna zitsulo. Ndikufika ndapeza mzere. Wina wanyamula khasu la pulawo, wina mutu wa bedi, mayi wina wasenza mphika wachitsulo wobooka. A Jafali akusankha ngati ogula fodya kuokushoni, manja kumbuyo, osayang'ana munthu kumaso.

Zimene zapezeka zowonongeka lero:

bampala wakutsogolo (sindinkadziwa kuti bampala amatha, koma akuti amatha)
ekizozi
ekiselo yakumbuyo yonse, pamodzi ndi matayala ake

Bampala watsopano akufanana kwambiri ndi paipi ya mjigo. Ndafunsa. Akuti ndi wa ku Japani, kumeneko mijigo ndi magalimoto amapangira fakitale imodzi.

Koma lero ndawagwira! Ekizozi itakwera pasikelo yati makilo khumi. Ine ndinainyamula m'manja ndipo mtima unakana. Zaka zonsezi ndakumana nawo alimi owaza madzi pafodya ndi oika miyala pakati pa belo, ndiye a Jafali angandiuze chiyani? Ndaiimika, ndaigogoda ndi sipanala. Mchenga wathothoka, wina wonyowa. Makilo awiri athunthu. Anthu awomba m'manja, mkulu wa mpingo wandigwira chanza. A Jafali ati mwina ndi nyerere.

Ndapulumutsa K500 pamaso pa msika wonse.

Zotsalazo zakwana makilo 88. Ekiselo inachita kukana sikelo, tinayeza mbali imodzi kenako inayo, nthambi ya mango ikulira. K22,000. Ndagulitsa mbuzi zitatu kwa wa kanyenya, yemwe mwamwayi anali pomwepo ndi chingwe chake kale.

Zitsulo zakale zonse ndakweza kumbuyo. Pikapu yayamba kuoneka yolemera, yaulemu, ngati ya munthu wa esiteti.

Nabanda sanafunse lero. Wangoima pakhola la mbuzi kwa nthawi yaitali.

Lachisanu

Tsiku la zopepuka. Ndatulutsa K25 ndi mtima woyera.

A Jafali ailandira ndi manja awiri, kenako andibwezera. Akuti kabokosi alibe. Amakagula kuboma, ndipo mwini sitolo ya kuboma sanasaine nawo pakatoni. "Pitani mukamufotokozere nokha za kilo, bwana. Inu mumatha kulongosola."

Ndakwera matola, sikelo ili pamiyendo. Kondakitala wandilipiritsa ya anthu awiri.

Kuboma, masitolo atatu a zitsulo za galimoto. Woyamba alibe. Wachiwiri akuti kabwera Lolemba kuchokera ku Lilongwe. Wachitatu ali nako, kali mugalasi ngati wotchi yaukwati. Ndafunsa mtengo.

K13,500.

Ndatulutsa sikelo. Mayi wogulitsa waiyang'ana, wandiyang'ana, n'kunena mwaulemu kuti, "Bambo, ogula nandolo ali kuseri kwa msika."

Ndakhala pakhonde la sitoloyo n'kuwerenga. A Jafali akanagula pa K13,500. Matola kupita ndi kubwerera. Kuika. Chotsala m'thumba mwawo sichikanakwana ngakhale nkhuku. Ndiye kuti mtengo wa Lolemba uja unali wachilungamo. Yankho lomwe ndakhala ndikulifuna sabata yonse ndalipeza, ndipo landinyansa.

M'thumba mwanga mwatsala ya matola basi. Mu envulopu muli ndalama zowombolera feteleza, koma si zanga, ndipo sizikukwana n'komwe.

Mnyamata wamkulu wovala magalasi akuda wandiona ndikusuzumira mu envulopu. Wakhala pafupi nane ngati wachibale. "Madala, makuponi atatu okha, kabokosi kanu mutenga pompano." Ndaganiza, sindinama, ndaganiza mpaka thukuta. Atatu ake ati? A apongozi? Ndabweza envulopu m'jekete n'kumanga mabatani onse, dzuwa lili pamutu.

Ndabwerera ndi sikelo yanga. Kondakitala ndi yemwe uja.

Loweruka

Tambala woyamba, ndili pakhomo pa alamu a Lufeyo, chipewa m'manja. Mawu opempha ngolo ndawakonza njira yonse.

Ngolo ili panjerwa. Ilibe matayala, ilibe ekiselo.

"Paja munati chaka chino ngolo ilibe ntchito," atero alamu. "Ndiye nditamva kuti a Jafali akugula zitsulo, ndinati bola ndipezeko ya sopo."

Ndaiyang'ana ngoloyo, ndakumbuka ekiselo imene ndinayeza Lachinayi mbali ziwiri. Ndakhala pansi pachitsa. Ekiselo ya ngolo ya alamu ili pansi pa pikapu yanga, ndipo ndinailipira ndekha ndi mbuzi za Nabanda.

Chatsala ndi ng'ombe. Tazitengera pagalaja, tamanga tcheni cha goli kubampala wa ku Japani. Apa ndiyamikire, bampalayo ndi wolimba. Alamu ati titsitse zitsulo zakale zili kumbuyo. Ndayang'ana mzere wa anthu ogulitsa zitsulo, ndayang'ana a Jafali. Ndakana. Ndikazisiya pano Lolemba ndidzazigulanso.

Tanyamuka. Alamu kutsogolo ndi chikwapu, ine pachiwongolero, malamba nditamanga. Pokhota ndikutulutsa dzanja pawindo.

Amene atipitirira panjira:

njinga zosawerengeka
ngolo zisanu ndi imodzi
amayi a mvano akuchokera kumaliro
munthu wokankha wilibala, kawiri, chifukwa anabwerera kukatenga chipewa

Pamtsinje wouma ng'ombe zakana. Bantomu, imodzi mwa ng'ombezo, wagona pamchenga, mnzake akumuyang'ana ngati akuti wachita bwino. Tatsitsa zitsulo, takankha, takwezanso zitsulo. Pachitunda chotsatira chimodzimodzi. Alamu sananene mawu oipa ngakhale amodzi, ndipo zimenezo zandipweteka kuposa kutukwana.

Chakumasana tayamba kukumana ndi anthu aja anatipitirira, akubwerera ndi matumba oyera panjinga. Ena akutipatsa moni. Ena akuyang'ana kumbali kuti tisaone kuti akuseka.

Tafika kudepoti dzuwa litapendeka. Chitseko n'chotseka, pansi pali timibulu ta feteleza tomwe amayi awiri akutola m'chitenje. Kalaliki akukwera njinga yake. Ndamuthamangira ndi envulopu.

"Watha isanakwane wani koloko. Mwina lole ina ibwera mwezi wamawa. Mwinatu."

Kenako wazungulira pikapu, wagogoda bampala, wayang'ana ng'ombe. "Koma galimoto yanuyi ndi yolimba, bambo."

Pobwerera mitambo yachita bii kumadzulo.

Lamulungu

Mvula yagwa, yeniyeni, yobzalira. Fungo la dothi lili ponseponse. Kutchalitchi anthu akuyamika mokweza, ambiri ali ndi matumba awiriawiri m'nyumba. Ine ndaimba motsitsa.

Pikapu ili pabwalo pomwe ng'ombe zinaimasulira. Nkhuku zabisala mvula pansi pake. Sikulira. A Jafali atumiza uthenga kudzera mwa Che Amidu woti pangano la pa kilo latha, ndipo kabokosi akhoza kuika pa mtengo wakale uja, chifukwa iwo sasintha mawu.

Titaweruka ndayenda khomo ndi khomo kubweza makuponi ndi ndalama zake. Azilamu aakazi andiuza zambiri, zonse zoona. Ndaimirira mpaka amalize. Nabanda watenga ake, waika m'Baibulo, kenako wandiikira madzi osamba ngati masiku onse. Zikanakhala bwino akanandikalipira.

Ndamalizira kwa apongozi. Ndawapeza pakhonde akusankha mbewu m'lichero, chifukwa mawa abzala, feteleza alipo kapena palibe. Ndagwada chapatali n'kuika makuponi awiri pamphasa. Ndinakonza zonena zambiri za sikelo ndi za mtengo wachilungamo, koma zonse zathawa.

Awatola, awatembenuza, awawongola pabondo ndi chikhatho.

"Zikomo, bambo. Mwawasunga bwino, sananyowe."

Abwerera kulichero lawo. Ndakhalabe chogwada kanthawi, ndikuyang'ana mizere ya m'munda mwawo, yonyowa, yowongoka, kuyambira pakhomo mpaka kudambo.

Kukhola kwa alamu kuli manyowa a zaka ziwiri. Ndabwereka wilibala. Ndiyamba ndi munda wa apongozi, kusanache.