Firiji yomwe ndilibe

Lolemba

Taonga akupuma ngati wathamanga, chonsecho ali kumsana kwanga. Kukiliniki ati ndi chibayo, koma mankhwala atha. Andilembera kapepala koti ndikagule kukemisiti ya kutauni.

Ba Sisita a kukemisiti sapupuluma. Awerenga kapepala kawiri, afunsa kulemera kwa mwana, athira madzi mu ufa wa m'botolo, akhutchumula. Kenako afunsa: "Firiji muli nayo kunyumba? Aya akatentha amaonongeka."

Kumbuyo kwanga pamzere kwaima Amai Busa a kutchalitchi kwathu. Mwezi watha womwewu ndinachitira umboni kutsogolo kuti Mulungu watikweza. Pakamwa panga payankha pokha: "Ee, ilipo."

Kulibe. Tili ndi wailesi.

Zoti ndisaiwale:
- katatu pa tsiku, sabata yathunthu
- kuyezera kakapu kake, osati supuni ya tiyi
- botolo lizikhala pozizira. Pozizira pati?

Lachiwiri

Ba Mutinta, oyandikana nafe kuno ku Nangongwe, amagulitsa nsomba za ku Chanyanya. Ali ndi chifiriji chachikulu. Avomera. Botolo lagona pakati pa nsomba.

Malaiti apita m'mamawa. Ba Mutinta ati: "Osatsegulatsegula, mwaice, mng'ono wanga, nsomba zanga zizaola." Ine ndiyenera kutsegula katatu. Kachitatu sanandiyankhe moni.

Kakapu kakununkha nsomba. Taonga akulavula. Mphaka wa alandilodi akunditsata paliponse.

Thupi la mwana likadali moto. Ndikuopa.

Lachitatu

Malaiti abwera ndi mphamvu. Chifiriji cha ba Mutinta ndi chija choumitsa zinthu gwa. Mankhwala asanduka mwala, ndikukhutchumula koma zii.

Malangizo omwe ndalandira:
- ba Mutinta: ikani padzuwa
- atate ake a Taonga: ponya m'madzi a nshima
- alandilodi: kale tinkachira ndi mandimu

Ndaika botolo m'khwapa mpaka lasungunuka. Mwana wamwa mochedwa. Kodi mankhwala akauma amafa? Ndifunse ndani, poti kukemisiti akudziwa kuti ndili ndi firiji yangayanga?

Lachinayi

Nzeru ina. Kubala ya pakona kuli jenereta ndi firiji yabwinobwino. Ine wa kwaya, kulowa m'bala! Ndafunda chitenje kumutu. Papulasitiki ndalemba kuti MANKHWALA A MWANA.

M'mawa zayenda. Masana zayenda. Madzulo bambo wina pakhomo ati: "Ba mayo, mwabweranso? Njota yanu ni yaikulu."

Botolo ndalipeza pakauntala, pafupi ndi zenera. Analitulutsa masana kuti mowa ukwane. Lafunda ngati tiyi, ndipo mtundu wasintha, wada. Lolemba sunali chonchi.

Sindinampatse. Ndikampatsa mwina ndi poizoni. Ndikapanda kumpatsa, chifuwa chikumudya. Ambuye, ndichite chiti?

Lachisanu

Taonga akamapuma, pansi pa nthiti pakulowa m'kati. Ndakwera minibasi osasamba.

Ndadutsa pakhomo pa kemisiti kawiri, manyazi. Mwana watsokomola kumsana, ndalowa. Ndanena zonse: nsomba, mwala, khwapa, bala.

Ba Sisita sanakalipe. Ayang'ana botolo pakuwala, aliponya m'bokosi la mankhwala oonongeka. Yawo firiji ili ndi kachipangizo koyeza kuzizira, ati amakayang'ana m'mawa ndi madzulo, ndipo malaiti akapita imayendera sola. Ine ndimafuna kuchita ntchito imeneyi ndi khwapa.

Ati: "Funso lija sinifunsa kuti nione olemera. Mukanakamba Lolemba, tikanaimba kukiliniki, bakanalemba ena osafuna firiji."

Aimba foni pomwepo. Ati ndithamange naye akamuonenso kaye. Kukiliniki amuyeza, ati sagonekedwa, koma ndisachedwenso chonchi. Alemba mapiritsi osungunula m'timadzi pang'ono. Ndabwerera kwa ba Sisita, andionetsa kasungunulidwe kake, andiuza ndibwereze ndekha iwo akuona.

Tiyambiranso tsiku loyamba.

Loweruka

Piritsi likusungunuka bwinobwino. Mapiritsi akukhala m'chitini pamwamba pa kabati, safuna aliyense.

Ndikuwerenga mpweya wa mwana ngati mmene andiphunzitsira. Watsika. Wadya phala masupuni asanu, wachisanu ndi chimodzi wandipaka kumaso.

Zomwe ndapindula sabata ino:
- masiku anayi otayika, pa chifuwa cha mwana wanga
- ba Mutinta ondiyankha ndi mphuno
- mphaka
- mbiri

Mbiriyo a Tembo, atate ake a Taonga, aimva m'minibasi pochokera ku Lusaka. Ati mkazi wa Tembo amalowa m'bala katatu pa tsiku, atafunda kumutu.

Lamlungu

Kutchalitchi sindinapite. Taonga akuthamangitsa mphaka pabwalo, akutsokomola pang'ono, akuseka. Ndangokhala pakhomo kumuyang'ana.

Masana afika Amai Busa ndi nkhuku ziwiri zososola kale, za msonkhano wa azimayi wa Lachiwiri. Ati: "Bana Taonga, tisungireniko mufiriji yanu ija. Mukaika mubwere, tipempherere nkhani ya kubala."

Ba Sisita ndinawauza zoona chifukwa panali mwana. Apa pali nkhuku chabe.

Pakamwa panga payankhanso pokha. Ndalandira ndi manja awiri.

Ndikupita kukagogoda kwa ba Mutinta. Malaiti apita.